Masewero a pa TV ndi mafilimu: mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri

Achibale, anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi kuno ku Lusaka amadziwa kuti ndimakonda masewero a pa TV ndi mafilimu, choncho mafunso awo amabwera omweomwewo. Ndawasonkhanitsa pamodzi, kuyambira osavuta mpaka ofuna kukhalira pansi. Zaka ndi mayina ndi zoona zodziwika, koma chiweruzo pa sewero lililonse ndi changa, ndipo muli ndi ufulu wotsutsana nacho.

Kodi inuyo mumaonera zotani?

Ndimaonera za kuno kwathu poyamba, kenako za ku Malawi, ku South Africa ndi ku Nigeria, ndipo zakutali zimabwera pambuyo. Sikuti zakwathu n'zabwino kuposa zonse ayi. Chifukwa chake n'chakuti sewero la kuno likalakwitsa ndimadziwa pamene lalakwitsa, ndipo likalasa ndimamva mumtima. Sewero la ku Korea lingandisangalatse, koma sindingadziwe ngati apongozi a kumeneko amalankhuladi motero. Apongozi a ku Chawama ndimawadziwa.

Chabwino n'chiti, filimu kapena sewero la magawo ambiri?

Zili ndi ntchito zosiyana. Filimu imakupatsani nkhani imodzi m'maola awiri, imatha, inu n'kutsala mukuiganizira. Sewero la tsiku ndi tsiku limakhala nanu m'nyumba kwa zaka, anthu ake mumawazolowera, ndipo ndilo limabweretsa banja pamodzi nthawi ya nsima. Vuto lake ndalifotokoza pa funso la masewero osatha.

Masewero a pa TV anayamba liti kuno ku Zambia?

TV inayamba ku Kitwe mu 1961, dziko lisanalandire ufulu, ndipo kwa zaka zambiri inali ya mabanja ochepa a m'tauni. Anthu ambiri nkhani ankazimvera pa wailesi. Amene anakula akumvera wailesi ya Chinyanja amakumbukira a Julius Chongo ndi pulogalamu yawo ya Poceza m'Madzulo: munthu mmodzi ankasintha mawu, n'kukhala mkulu, mwana, kalulu ndi fisi, omvera n'kumaona zonse m'maso mwa mtima popanda chithunzi. Ndimawatchula dala, chifukwa luso lokamba nkhani m'Chinyanja linalipo kale kamera isanafike.

Pa ZNBC, imene likulu lake lili ku Mass Media mumsewu wa Alick Nkhata, kunali masewero a Play Circle, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera Kabanana, imene anthu ambiri amaitenga ngati sewero loyamba lopitirira la kuno. Muvi TV itabwera inatsegula khomo lina: masewero ake monga Banja ankalankhula chilankhulo cha m'komboni mopanda manyazi. Kenako mu 2015 MultiChoice, kampani ya DStv, inatsegula tchanelo cha Zambezi Magic, ndipo mu 2018 kunayamba Zuba ndi Mpali. Kuyambira pamenepo kujambula kunasintha kwambiri, zithunzi zinayera, nyumba zinakongola, ndipo masewero a Lusaka anayamba kuoneredwa m'mayiko oyandikana nafe.

Pakati pa Zuba ndi Mpali, inu muli mbali iti?

Funso ili ndilo limabwera kwambiri, ndipo lakanganitsa anthu m'masaluni ndi m'mabasi. Ine ndili ku Mpali, ngakhale Zuba ndimailemekeza.

Zuba ndi nkhani ya mtsikana wa kumudzi amene wasiya sukulu n'kubwera ku Lusaka kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lolemera. Chiyambi chimenecho n'champhamvu chifukwa palibe banja la kuno limene silikuchidziwa. Ambiri a ife tinakhalapo ndi mtsikana wochokera ku Katete kapena ku Petauke m'nyumba, ena ndife ana a atsikana oterowo. Magawo oyambirira anandigwira mtima pa zinthu zazing'ono: kudya payekha kukhitchini, kuitanidwa ndi dzina ndi ana amene iye akuwalera, kuopa kukhala pa mpando wa pabalaza. Pamene nkhani inasamukira kwambiri ku chuma cha kampani ndi ziwembu za anthu olemera, ndinayamba kumva ngati ndikuonera sewero la dziko lina lovekedwa zovala za kuno.

Mpali ndi nkhani ya a Nguzu, mlimi wolemera wa mitala, ndi akazi awo pa famu imodzi. Mphamvu yake si bamboyo, koma amayiwo. Aliyense ali ndi chilankhulo chake, ulemu wake, mabala ake ndi njira yake yopezera malo pakhomo. Mkazi wamkulu akamalankhula mofatsa koma mawu ake akuluma, timamudziwa. Wamng'ono akamadalira kukongola, timadziwa kuti tsiku lina adzabwera wamng'ono kuposa iye. Sewero limeneli silifunika kubwereka mavuto kunja, chifukwa mitala payokha ili ndi nsanje, mgwirizano, nkhani za chuma cha masiye ndi za ana opeza zokwanira zaka zambiri.

Ena amati Mpali imalimbikitsa mitala. Ine sindinaonepo mkazi amene anaonera misozi ya pa famu ija n'kukhumbira kukhala wachisanu.

N'chifukwa chiyani masewero athu satha?

Chifukwa sewero likakondedwa limabweretsa otsatsa malonda ndi olipira dikoda mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene amafuna kutseka khomo limene ndalama zikulowera. Si vuto la kuno kokha. Generations ya ku South Africa inayamba mu 1994, Isidingo inayenda kuyambira 1998 mpaka 2020. Koma masewero amenewo amakhala ndi gulu lalikulu la olemba amene amasinthana. Kuno olemba ochepa amafunsidwa kutulutsa magawo a sabata yonse, chaka ndi chaka.

Zotsatira zake mumazidziwa. Munthu amene tinamuika m'manda amabwerera, wina amaiwala zonse atachita ngozi, mwana amapezeka kuti si wa bambo ake, ndipo pakapita miyezi mwana winanso amapezeka chimodzimodzi. Zili ngati ndiwo zimene mukuthirabe madzi chifukwa alendo akubwerabe: mbale zimadzaza, koma kukoma kunatha kale. Ine ndikanakonda masewero a magawo 13 kapena 26 amene wolemba akudziwa mathero ake asanalembe tsamba loyamba. Likatha, gulu lomwelo liyambe nkhani ina.

Bwanji anthu a m'masewero athu amalankhula Chingerezi chochuluka chonchi?

Apa ndiye pali nkhani imene imandipweteka kwambiri.

Zifukwa zake zilipo ndipo si zopusa. Zambia ili ndi zilankhulo 7 zimene zimagwiritsidwa ntchito pa wailesi ya boma ndi m'masukulu: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Wopanga sewero amafuna kuti wa ku Mongu ndi wa ku Kasama amve onse, ndipo ngati tchanelo chikuonekanso ku Botswana, ku Namibia ndi ku Zimbabwe, Chingerezi chimaoneka ngati njira yachidule. Komanso ambiri mwa olemba athu anaphunzira kulemba m'Chingerezi basi. Chinyanja amachilankhula bwino, koma sanachilembepo chiyambire.

Komabe taonani chimene chimachitika. Bwana amalankhula Chingerezi, dokotala Chingerezi, mtsikana wokongola amene tonse tikumufunira zabwino Chingerezi. Chinyanja chimapatsidwa kwa wantchito, kwa mlonda wa pageti, kwa chidakwa ndi kwa amalume obwera kudzapempha ndalama, ndipo ntchito yawo ndi kutiseketsa. Mwana amene akuonera zimenezi madzulo aliwonse akuphunzira phunziro limene palibe anamuuza ndi pakamwa: kuti chilankhulo cha agogo ake n'choseketsa, ndipo nkhani zolemera zimakambidwa m'chilankhulo china.

Pamene zoona zake si zimenezo. Ku Kabulonga komweko, mayi wophunzira akakwiya zenizeni ndi mwana wake sanena m'Chingerezi. Nkhani ya malowolo, ya maliro, ya kupepesa kwa apongozi, ya kulangiza mtsikana asanalowe m'banja, zonsezi zimakambidwa m'chilankhulo cha kwathu, ndi miyambi yake, ndi kuzungulira kwake, ndi ulemu wake. Wosewera akapatsidwa mawu a Chingerezi pa malo oterowo mumaona thupi lake likuuma, chifukwa akukumbukira mizere m'malo molankhula. Mpatseni mawu omwewo m'Chinyanja kapena m'Chibemba, manja ndi nkhope zimayamba kugwira ntchito zokha. Osewera athu ambiri amene amanenedwa kuti satha kusewera ndi anthu amene akuseweretsedwa m'chilankhulo chimene salirira nacho.

Sindikunena kuti tichotse Chingerezi. Lusaka imasakaniza, ndipo kondakitala wa basi ya ku Matero amatha kuika zilankhulo zitatu m'chiganizo chimodzi. Sewero lionetse zimenezo monga zilili, ndipo mawu omasulira alembedwe pansi pa chithunzi. Ngati timatha kutsatira sewero la ku Korea powerenga pansi, wa ku Gaborone angathenso kutsatira la ku Mtendere.

Ndikufuna filimu ya Chichewa kapena Chinyanja. Ndiyambire pati?

Yodziwika kwambiri padziko lonse ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene ili pa Netflix. Ndi nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo wa mnyamatayo, ndipo mbali yaikulu ya zokambirana ili m'Chichewa.

Mudzamva msanga kuti osewera akuluakulu si eni chilankhulo. Wosewera ngati mnyamatayo, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo katchulidwe ka bambo ndi mayi kamapunthwa. Lily Banda wa ku Malawi, amene anasewera ngati mlongo wake, akangotsegula pakamwa khutu limapuma. Anthu ena zimenezi zinawakwiyitsa mpaka kuisiya pakati. Ine ndinaimaliza, ndipo ndimaiyamikira pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anasankha kuvutika ndi Chichewa pamene akanatha kujambula zonse m'Chingerezi. Chachiwiri, njala anaionetsa moona: kudya kamodzi patsiku, kukanganirana chimanga pa depoti, bambo amene ulemu wake ukutha pamaso pa ana ake. Aliyense wa ku Chipata kapena ku Chadiza amene anaona chaka cha chilala adzazindikira zonsezo.

Funaninso mafilimu a Shemu Joyah wa ku Malawi, monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, amene amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi ndipo amayenda modekha. Za I Am Not a Witch, imene muli Chinyanja chambiri, onani funso lotsatirali.

Kodi mafilimu a Rungano Nyoni satinyozetsa kwa azungu?

Ndimamva chifukwa chake anthu amafunsa motero, koma yankho langa ndi ayi.

Rungano Nyoni, mayi wolemba ndi kutsogolera mafilimu, anabadwira ku Lusaka, n'kukulira ku Wales. I Am Not a Witch ya 2017 inaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes ku France ndipo mu 2018 inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA. Ndi nkhani ya kamtsikana kotchedwa Shula kamene kanamiziridwa ufiti popanda umboni uliwonse, n'kutumizidwa kumsasa wa amayi okalamba omangidwa ndi nsalu zazitali zoyera kumsana kuti asauluke. Misasa yotere Nyoni anakaiona ku Ghana. Nsalu zija anazipeka yekha. Amene amaionera ngati lipoti la Zambia amakwiya. Koma filimuyi ndi nthano, ndipo funso lake n'lakuti: ndani amapindula mayi wosauka kapena mwana wopanda womuteteza akatchedwa mfiti? Mu filimuyo amapindula mkulu wa boma amene amayenda naye kuti apeze ndalama, mfumu, ngakhale alendo odzajambula zithunzi. Azungu nawonso sanawasiye.

On Becoming a Guinea Fowl ya 2024, imene inamupatsa mphoto ya wotsogolera wabwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes, ndi yolemera kuposa yoyamba ija. Mtsikana akuchokera kuphwando usiku apeza mtembo wa amalume ake pamsewu. Maliro akuyamba, ndipo pang'onopang'ono tikudziwa zimene malumeyo ankachita kwa atsikana a m'banjamo, ndiponso kuti azakhali ankadziwa. Ili m'Chibemba ndi Chingerezi, koma nyumba ya maliro imeneyo ndi yathu tonse: amayi kugona pansi m'nyumba, abambo kukhala panja pamoto, atsikana kuphika osapuma, wamasiye kuimbidwa mlandu woti sanasamale mwamuna wake, achibale kuyang'ana katundu. Sindinaonepo filimu ina imene inajambula maliro a kuno molondola chonchi.

Filimu imene ikunena kuti m'mabanja mwathu timabisa wogwirira ana pofuna kusunga dzina la banja siikutinyoza. Ikunena chimene atsikana ambiri akhala akulephera kunena pamaso pa akuluakulu. Musaionere ndi ana aang'ono, koma ioneni ndi achemwali anu, ndipo mukatha mukambirane.

Nanga Can You See Us? Aliyense amati analira.

Nanenso ndinalira. Ndi filimu ya Kenny Mumba imene inalowa pa Netflix mu Ogasiti 2023, ndipo inatengera moyo wa woimba John Chiti. Mnyamata wobadwa ndi chialubino akanidwa ndi bambo ake tsiku lomwe wabadwa, akula akusekedwa ndi kusakidwa, n'kupeza pothawira mu nyimbo. Mbali ya ubwana wake ndiyo yamphamvu kwambiri. Chakumapeto imathamanga, ndipo nyimbo za pansi zimakuuzani nthawi yolira m'malo mokusiyani mulire nokha. Koma inachita ntchito yaikulu: m'nyumba zambiri anthu anakambirana koyamba za mayina achipongwe amene timaitanira anzathu achialubino, ndi za mantha amene makolo awo amakhala nawo mwana akachedwa kubwera kusukulu.

Amayi anga sachoka pa masewero a ku India. Amaonamo chiyani?

Amaonamo banja lalikulu lokhala pakhomo limodzi, mpongozi wovuta, mkamwini kapena mtengwa woyesedwa tsiku lililonse, ukwati wokambidwa ndi makolo, ulemu kwa akuluakulu ndi mapemphero. Zimenezi zili pafupi ndi moyo wawo kuposa apolisi a ku New York. Zee World itayamba mu 2015 ndi masewero omasuliridwa m'Chingerezi chosavuta, inalowa m'nyumba zambiri mosavuta. A ku Philippines anali atatsegula kale njira ndi nkhani zawo za mwana wosauka amene kwenikweni ndi wa banja lolemera, ndipo a ku Nigeria, kuyambira pa Living in Bondage ya 1992, anatiphunzitsa kuti munthu wakuda angapange filimu ndi ndalama zochepa, anthu n'kuigula.

Musawaseke amayi anu. Khalani nawo gawo limodzi, muwafunse kuti uyu ndani, wamulakwira chiyani uyo. Mudzapeza kuti akamakamba za mtengwa wa mu sewero, nthawi zina akukamba za zaka zawo zoyamba m'banja.

Chimene sindikonda m'masewero amenewa n'chakuti mkazi wabwino nthawi zonse ndi amene amapirira chilichonse mwakachetechete, ndipo wolankhula ndiye woipa. Atsikana athu amamva kale uphungu wa kupirira kuchokera kumbali zonse.

Mafilimu omasuliridwa ndi ma DJ mumawaona bwanji?

Ndimawalemekeza kuposa mmene anthu ophunzira amawalemekezera. Mnyamata amene amatenga filimu ya nkhondo ya ku China n'kuikamba yonse m'Chichewa, Chinyanja kapena Chibemba, kupatsa anthu ake mayina a kwathu ndi kufotokoza zimene zikubwera, akuchita ntchito ya wokamba nthano. Amafikitsa filimu kwa agogo ndi kwa ana amene sawerenga msanga. Zoipa zake ndi ziwiri: ambiri amatukwana mosafunikira pamene ana ali pomwepo, ndipo mafilimuwo amakopedwa popanda chilolezo cha eni ake. Koma kuchuluka kwa anthu amene amawakonda ndi umboni wa zimene ndanena pa funso la Chingerezi.

Ana anga ndiwalole kuonera chiyani?

Manambala amene amaoneka pakona sewero likamayamba, 13, 16 kapena 18, alipo kuti akuthandizeni, ndipo madikoda ambiri ali ndi nambala yachinsinsi yotsekera matchanelo. Koma masiku ano ngozi yaikulu ili pa foni imene mwana amalowa nayo m'bulangete, osati pa TV ya pabalaza. Pabalaza mumaona chimene akuona ndipo mungathe kufunsa kuti, “Iwe ukuganiza kuti wachita bwino ameneyu?”

Kwa ang'onoang'ono, yesani Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema wa kuno imene inayamba pa Netflix mu 2023. Ndi atsikana anayi a sukulu amene amapulumutsa Lusaka ya m'tsogolo motsogoleredwa ndi mayi wachikulire. Mwana kuona ngwazi yomangidwa tsitsi ngati lake, yokhala mumzinda wake, ndi chinthu chimene ife sitinakhale nacho.

Masewero a madzulo a akuluakulu, ngakhale a kuno, ambiri ali ndi chigololo ndi ndewu za m'banja. Kukhala a Zambia sikuwasandutsa a ana.

Bwanji nkhani za ufiti ndi asing'anga zachuluka chonchi?

Chifukwa n'zosavuta kulemba. Wolemba akasowa chifukwa chimene munthu walemerera, wadwalira kapena wasiyira mkazi wake, amangomutumiza kwa sing'anga usiku, nkhani n'kuyenda. Zimandidetsa nkhawa chifukwa oonera ena amatuluka atalimbikitsidwa kukayikira agogo awo, ndipo kuno okalamba amamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi pa milandu yotere, ngakhale lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Nkhani zenizeni zili mbwee ndipo sizikulembedwa. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limati ana alandire magawo 50 pa 100 alionse, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena odalira malemuyo 10. Ndi amasiye angati a ku Kanyama amene akudziwa zimenezi pamene achibale a mwamuna afika ndi lole? Sewero limodzi lolembedwa bwino, la mayi amene akukana kutuluka m'nyumba yake, lingaphunzitse anthu ambiri kuposa mapepala ogawidwa pamsonkhano, ndipo lingakhale lokoma kuonera. Love Games, imene inakamba za HIV kudzera m'moyo wa amayi asanu a mu Lusaka, inaonetsa kale kuti kuphunzitsa ndi kusangalatsa zimatheka pamodzi. Nanga amayi a pa Soweto Market amene amadzuka usiku kukagula tomato, madalaivala a pa Intercity, anamwino a usiku, achinyamata omaliza digiri amene akugulitsa mabando pakona? Amenewa ndimafuna kuwaona ali pakati pa nkhani, osati akudutsa kumbuyo.

Mungadziwe bwanji msanga kuti filimu ya kuno yapangidwa bwino?

Tsekani maso mphindi imodzi mumvetsere. Makamera abwino atsika mtengo, ndipo ngakhale foni imajambula zooneka bwino, choncho chithunzi sichikuuzaninso zambiri. Mawu ndiwo amaulula. Ngati wina akumveka pafupi, mnzake ngati ali m'chitsime, ngati jenereta ikulira kumbuyo kapena nyimbo ikuphimba zokambirana, dziwani kuti anathamanga.

Chachiwiri, onani ngati anthu akuuzana zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale, monga mkazi kuuza mwamuna wake kuti akhala m'banja zaka khumi ndipo ali ndi ana atatu. Amenewo akulankhula ndi inu, osati wina ndi mnzake. Chachitatu, onani nyumba. Ngati munthu akuti ndi wosauka koma m'nyumba mwake mulibe ndowa ya madzi, mbaula kapena katani yogawa chipinda, opangawo sanapite kukaona kumene anthu amakhala.

Kodi osewera athu ndi olemera monga amaonekera?

Ochepa okha ndi amene amadya za sewero lokha. Zovala, magalimoto ndi nyumba zimene mumaona ndi za sewerolo. Ambiri ali ndi ntchito ina kapena kabizinesi, ndipo ena amapeza zambiri potsatsa malonda ndi kuyendetsa maukwati kuposa pa kamera. Gawo lawo likatha mu nkhani, malipiro amatheranso pomwepo.

Pali chinanso chimene ndimapempha. Amene amasewera ngati mkazi wankhanza kapena mwamuna wachiwerewere si mmene alili kunyumba kwake. Kumunyoza pamsika kapena pa Facebook chifukwa cha zimene wolemba anamulembera n'kulakwa. Ngati wakukwiyitsani mpaka kufuna kuzimitsa TV, ndiye kuti ntchito yake waigwira bwino.

Malaiti akamathimathima, ndipo mabando ndi odula, mumatsatira bwanji?

Chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, makomboni ambiri ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo anthu ambiri anasiya kulipira dikoda imene sakuionera. Njira zimene zimathandiza ndi izi: masewero ambiri amabwerezedwa masana kapena onse pamodzi kumapeto kwa sabata, pa foni tsitsani gawo pamene mabando ndi otchipa usiku, ndipo sankhani chithunzi chochepa mphamvu, chifukwa pa kagalasi ka foni kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. TV zatsopano zazing'ono zimayenda ndi sola ndi batire ya pakati.

Chimene sindichita ndi kugula filimu ya kuno yokopedwa pa fulashi. Ya ku Hollywood siimva kuwawa ndi makwacha anu ochepa, koma ya mnyamata wa ku Kalingalinga amene anakongola ndalama kuti ajambule imafa nazo, ndipo yachiwiri sadzapanga.

Mwana wanga akufuna kulowa m'mafilimu. Ayambire kuti?

Choyamba mufunseni kuti akufuna mbali iti, chifukwa ambiri amangoganiza zoonekera pa kamera pamene kumene kukusowa anthu ndi kumbuyo: olemba, ojambula mawu, oyatsa magetsi a pojambulira, olumikiza zithunzi pa kompyuta. Wodziwa bwino kujambula mawu sasowa ntchito mu Lusaka.

Ngati akufuna kusewera, ayambe pa siteji: gulu la sewero la kusukulu, la kutchalitchi, kenako aziyendera Lusaka Playhouse kuti aone akuluakulu akugwira ntchito. Siteji imaphunzitsa mawu, kupuma ndi kusunga nthawi. Maphunziro a kamera ndi utolankhani amapezeka ku ZAMCOM, ku Evelyn Hone College ndi ku UNZA, ndipo kuyambira 2018 MultiChoice Talent Factory yakhala ikuphunzitsa achinyamata a m'chigawo chino cha Africa kuno ku Lusaka, ngakhale malo ake ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri.

Chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama kuti mwana ayesedwe, kapena woitana mtsikana yekha kunyumba kapena ku loji kuti akamuyese. Kuyesedwa koona kumalengezedwa poyera, kumachitika masana pamalo odziwika, ndipo kholo limaloledwa kuperekeza.

Ngati akufuna kulemba, mugulireni kope. Akhale pa basi, pamaliro, pa chigayo ndi pamzere wa kuchipatala, alembe mmene anthu akulankhulira, m'chilankhulo chimene alankhulira, osamasulira. Akatero alembe nkhani ya mphindi zisanu ya anthu awiri m'chipinda chimodzi, aijambule ndi foni pamodzi ndi anzake, aionetse kwa azakhali ake, ndipo ayang'anitsitse pamene ayamba kuyang'ana kumbali. Pamenepo ndi pamene akonze asanajambule ina.